Opoku Ware I: Mfumu Imene Inakweza Luso Lowomba Kente

Pa ukwati wamwambo ku Ghana, mkwati ndi mkwatibwi amatulukira atavala kente. Nsalu imeneyi siiwombedwa yaikulu nthawi imodzi. Mmisiri amawomba pamanja timalamba titalititali, ta masentimita pafupifupi 10 m'lifupi, kenaka n'kutisoka m'mbali mpaka titapanga chovala chimodzi. Mbiri ya lusoli siitha popanda dzina la Opoku Ware I, mfumu ya Asante imene inalamulira kuyambira cha m'ma 1720 mpaka 1750.

Opoku Ware anabadwira m'banja lachifumu la Oyoko cha m'ma 1700. Kwa Asante ufumu umatsata kuchikazi monga kwa Achewa, ndipo ndi magazi a amayi ake amene anamuyenereza mpando. Osei Tutu, amene anayambitsa ufumuwu ndi kukhazika likulu ku Kumasi, anaphedwa pa nkhondo yolimbana ndi Akyem mu 1717. Mkangano wolimbirana ufumu unabuka, ndipo pamapeto pake mpando unagwera Opoku Ware akali mnyamata.

Anapeza dziko likugwedera, koma analilimbitsa ndi kulikuza. Anagonjetsa Bono kumpoto kumayambiriro kwa ulamuliro wake, ndipo mu 1742 anagonjetsa Akyem. Pambuyo pake ankhondo ake anafika ku Gonja ndi ku Dagomba. Chifukwa cha kulimba mtima kumeneku anthu ake anamutcha Katakyie, kutanthauza ngwazi. Kupambanaku kunatsegula njira zamalonda, za kunyanja ndi za kumpoto zomwe, ndipo katundu wachilendo anayamba kuchuluka ku Kumasi.

Pakati pa katunduyo panali nsalu za silika zochokera kunja. Ludewig Rømer, wamalonda wa ku Denmark amene anakhala ku Christiansborg, m'dera la Accra, anafotokoza m'buku lake la 1760 zimene mfumuyi inkachita nazo. Inkagula nsalu za silika za mitundu yosiyanasiyana, ndipo amisiri ake ankasolola ulusi umodziumodzi, n'kuuwombanso pamodzi ndi ulusi wa thonje. Chinthu chodula chochokera kutali chinkaphwasulidwa dala kuti chibadwenso m'manja mwa eni dziko.

Mwa njira imeneyi timalamba ta Asante tinalandira mitundu yowala ya silika, ndipo nsaluyo inakhala chizindikiro cha ulemerero wa ku bwalo lachifumu. Mapangidwe ake anapatsidwa mayina. Limodzi mwa mayina otchuka ndi Oyokoman, lokumbutsa banja lomwelo la Oyoko, ndipo nsalu yake imadziwika ndi mitundu yofiira, yobiriwira ndi yagolide. Mudzi wa Bonwire, pafupi ndi Kumasi, unatchuka ndi amisiri ake, ndipo mpaka lero abambo a kumeneko amaphunzitsa ana awo kuwomba.

Opoku Ware anamwalira mu 1750, ndipo Kusi Obodom analowa m'malo mwake. Maiko amene anawalanda anatuluka m'manja mwa Asante patapita zaka, koma ntchito ya amisiri ake ikalipo. Mu 2024 bungwe la UNESCO linaika luso lowomba kente pa mndandanda wa chikhalidwe chofunika kusungidwa padziko lonse.

Masiku ano nsalu zotsika mtengo zodindidwa m'mafakitale zimatengera maonekedwe a kente, ndipo zikulanda msika wa owomba pamanja. Luso limene mfumuyi inalikweza lidzapitirira pokhapokha mabanja okonzekera ukwati akamapitabe kwa mmisiri, ndipo mmisiriyo akamapezabe mwana woti am'phunzitse.