Joseph Lister, dokotala amene anakayikira zida zake

Tikaona namwino akung'amba pepala la jakisoni watsopano pamaso pathu, sitidabwa. Tinazolowera. Koma m'zipatala za ku Britain m'zaka za m'ma 1850 zinthu sizinali choncho. Dokotala ankachita opaleshoni atavala jekete louma gwa ndi magazi a odwala akale. Ulusi womangira mitsempha ankaukoloweka pabowo la batani la jeketelo. Kachitsulo kopimira kuya kwa bala kankalowa mwa wodwala uyu, kenako mwa uyo, osatsukidwa. Mafinya akatuluka, ankati bala likupola bwino. Munthu akamwalira, mlandu ankaukankhira kwa mpweya woipa wa m'wodi.

Joseph Lister anabadwa mu 1827 ku Upton, pafupi ndi London, m'banja la mpingo wa Quaker. Bambo ake ankagulitsa vinyo, koma ankadziwikanso pokonza magalasi a maikulosikopu, ndipo mwanayo anakula akusuzumira tinthu tosaoneka ndi maso. Mu 1846, iye akuphunzira ku London, mankhwala ogonetsa anayamba kugwiritsidwa ntchito. Kukuwa kwa odwala kunatha, maopaleshoni anachuluka, koma anthu ankafabe patapita masiku ochepa, mabala atawola.

Anapita ku Edinburgh kukaphunzira kwa dokotala wotchuka James Syme, ndipo mu 1856 anakwatira mwana wake, Agnes. Mayiyu ndi amene ankalemba pamanja zambiri za kafukufuku wa mwamuna wake, ngakhale mbiri zambiri zimangomutchula modutsa.

Atasamukira ku Glasgow mu 1860, panali chinthu chimene chinkamusowetsa mtendere. Fupa likathyoka khungu osang'ambika, munthu ankachira. Likathyoka n'kuboola khungu, kawirikawiri bala linkawola, mwendo n'kudulidwa, mwinanso munthuyo n'kufa. Mpweya ndi womwewo, wodi ndi yomweyo. Ndiye chinkalowa pabalapo n'chiyani? Mnzake Thomas Anderson anamuonetsa zolemba za Louis Pasteur wa ku France, amene anasonyeza kuti zinthu zimawola chifukwa cha tizilombo tamoyo, ndipo tizilomboti timafa ndi moto kapena mankhwala. Bala la munthu sungaliwiritse. Koma Lister anali atamva kuti ku Carlisle ankathira mankhwala a carbolic m'zonyansa za m'tauni ndipo fungo linkatha.

Pa 12 Ogasiti 1865 anabwera naye mnyamata wa zaka 11, James Greenlees, ngolo itamuponda mwendo, fupa litathyoka, bala lili yasa. Lister anaphimba balalo ndi nsalu yonyikidwa mu carbolic, n'kumanga. Mankhwalawo anawaula khungu pang'ono, koma bala silinawole. Patatha milungu isanu ndi umodzi mnyamatayo anatuluka m'chipatala ndi miyendo yake yonse iwiri.

Apa m'pamene tiyenera kuima pang'ono. Ngati tizilombo timalowa pabala kuchokera kunja, ndiye kuti timabweranso ndi mpeni, siponji, zala ndi ulusi wa dokotala mwiniwakeyo. Lister anavomera mfundo yowawayi, yoti odwala ena amene iye anawalira anaphedwa ndi zida zimene anawagwira nazo. Anayamba kunyika zida m'mankhwala, kusamba m'manja ndi mankhwala omwewo, ndi kulamula omuthandiza kuchita chimodzimodzi. Ulusi unamutengera nthawi yaitali. Kale ankamanga mtsempha ndi silika n'kusiya nsonga zikulendewera kunja kwa bala kuti adzazisolole pambuyo pake, ndipo nsongazo zinali msewu wa tizilombo. Iye anayesa ulusi wopangidwa ndi matumbo a nyama, wonyikidwa mu carbolic. Kumapeto kwa 1868 anamanga nawo mtsempha wa m'khosi mwa thole, ndipo patatha mwezi anapeza kuti thupi launyambita ulusiwo, mtsempha uli wotsekeka bwino. Kuyambira pamenepo ankatha kudula nsonga n'kutseka bala lonse.

Mu 1867 anafalitsa zimene anapeza m'magazini ya The Lancet. Chaka chomwecho anachita opaleshoni ya khansa ya bere pa mlongo wake weniweni, Isabella, m'nyumba mwake, madokotala ena atakana. Bala linapola, ndipo mayiyo anakhala zaka zina zitatu. M'mawodi ake, mwa anthu 35 amene anadulidwa chiwalo njirayi isanayambe, 16 anamwalira. Itayamba, anamwalira 6 mwa 40.

Tingayembekeze kuti onse anamuombera m'manja, koma ayi. Ambiri ku London ndi ku America anamuseka. Ena anayesa njira yake mwachidulechidule, ikalephera n'kunena kuti ndi yabodza. Tisawaweruze msanga: kuvomera kunali kuvomera kuti manja awo anali ndi mlandu. Madokotala a ku Germany ndiwo anailandira mofulumira.

Naye Lister analakwitsa. Poganiza kuti tizilombo tambiri timagwa kuchokera mumpweya, anayambitsa chopopera chofukiza carbolic m'chipinda chonse. Chinkatsamwitsa anthu ndi kuwang'amba khungu la m'manja, chonsecho phindu lake linali lochepa. Mu 1890, pamsonkhano waukulu ku Berlin, ananena poyera kuti anachita manyazi kuti anachilimbikitsa, ndipo anachisiya. Pofika nthawiyo a ku Germany, monga Ernst von Bergmann, anali atayamba kupha tizilombo pa nsalu ndi zida pogwiritsa ntchito nthunzi yotentha, njira imene zipatala zathu zimatsatira mpaka lero.

Agnes anamwalira mu 1893 ali paulendo ku Italy, ndipo Lister sanakhalenso monga kale. Analibe ana. Iye anamwalira pa 10 Febuluwale 1912. Akanatha kuikidwa ku Westminster Abbey pamodzi ndi mafumu, koma anali atapempha kuti adzagone ku Hampstead, pambali pa mkazi wake.