Eduardo Mondlane, mbusa wa ziweto wa ku Manjacaze amene anafera Moçambique

Abale ndi alongo a ku Angónia, Tsangano, Macanga, Chifunde ndi madera onse a m'malire, chaka chilichonse pa 3 Fevereiro masukulu ndi maofesi amatseka, ndipo anthu amasonkhana pa boma kukaika maluwa. Ana amadziwa kuti ndi tsiku la ngwazi za dziko. Koma ambiri mukawafunsa chimene chinachitika pa tsikuli, amangoyang'ana pansi. Tsono lero tikambe za munthu amene imfa yake inabweretsa tsikuli, Dr. Eduardo Chivambo Mondlane.

A Mondlane anabadwa pa 20 Junho 1920 m'mudzi wa Nwadjahane, boma la Manjacaze, m'chigawo cha Gaza, kum'mwera kwa dziko lino. Anali a mtundu wa Atsonga, ndipo bambo awo anali mfumu ya m'deralo. Koma ufumuwo sunawabweretsere chuma. Bambo anamwalira mwanayo akali wamng'ono kwambiri, ndipo anakula m'manja mwa amai ndi agogo aakazi. Monga anyamata ambiri a kwathu kuno, ntchito yake inali yopita kudambo ndi ziweto m'mawa ndi kubwerera madzulo. Anaweta mpaka zaka zake zitayandikira 12, asanagwirepo buku.

Amai ake ndiwo anaumirira kuti apite kusukulu. Iwo ankaona kuti mphamvu ya mzungu inali m'mapepala, ndipo ankafuna kuti mwana wawo aidziwe. Masiku amenewo boma la Apwitikizi linagawa anthu m'magulu. Munthu wakuda wamba ankatchedwa indígena, ankayenda ndi kabuku ka chiphaso, ankakhoma msonkho, ndipo akalephera ankagwidwa ndi asupayi kupita kuchibalo. Agogo athu ambiri anathawira ku Nyasaland chifukwa cha chibalo chimenechi ndi mbalamatodya. Sukulu za ana akuda zinali zochepa, ndipo zinkangophunzitsa zoyambirira.

Mnyamatayo anapeza njira kudzera ku mishoni ya azungu a ku Suíça, a mpingo wa Presbyterian. Anapita ku Lourenço Marques, mzinda umene lero timautcha Maputo, kumene ankagwira ntchito zapakhomo kwinaku akuphunzira. Kumeneko mmishonale André-Daniel Clerc anaona nzeru zake namutenga ngati mwana wake. Mondlane ankatsogolera timagulu ta achinyamata a mpingo totchedwa mintlawa, ndipo m'menemo ndi m'mene anaphunzira kuyankhula pagulu ndi kuyendetsa anthu. Nkhani ya ubwana wake inalembedwa m'buku limene linatuluka m'Chifalansa mu 1946 ndi dzina loti Chitlangou.

Atamaliza pulaimale, khomo la sekondale ya boma linali lotseka kwa mnyamata wakuda amene anayamba sukulu mochedwa chotere. Anamutumiza ku Cambine, m'chigawo cha Inhambane, ku sukulu yaulimi ya mpingo wa Methodist. Anaphunzira kulima m'nthaka youma, ndipo anatolanso Chingerezi. Chingerezicho ndicho chinamutsegulira njira ya ku Joni. Mu 1944, ali ndi zaka 24, analowa sekondale ya mishoni ku Lemana, kumpoto kwa Transvaal. Taganizani, abale: munthu wa msinkhu wokhala ndi banja lake, atakhala pa benchi limodzi ndi tiana!

Anakhoza bwino, nalowa sukulu yaukachenjede ya Witwatersrand ku Johannesburg. Koma mu 1948 chipani cha Mabunu chinali chitatenga boma ndi kuyambitsa malamulo a tsankho a apartheid. Mu 1949 boma limenelo linakana kuonjezera chilolezo chake, ndipo anamubweza kwawo maphunziro ali pakati. Atafika ku Lourenço Marques anathandiza kuyambitsa bungwe la ophunzira akuda a sekondale lotchedwa NESAM. Apolisi a atsamunda anamugwira ndi kumufunsa mafunso, koma anamumasula.

Mu 1950 anapita ku Lisboa kukapitiriza maphunziro. Kumeneko anakumana ndi anyamata ena ochokera m'maiko olamulidwa ndi Portugal, monga Agostinho Neto wa ku Angola, Amílcar Cabral wa ku Guiné ndi Marcelino dos Santos wa kwathu konkuno. Apolisi achinsinsi a PIDE ankawalonda usana ndi usiku. Patangotha chaka chimodzi, a Mondlane anapeza thandizo la ndalama nawoloka nyanja kupita ku America.

Mu 1951 analowa koleji ya Oberlin, ku Ohio, ali ndi zaka 31, ndipo anamaliza mu 1953. Kuchokera apo anapita ku sukulu yaukachenjede ya Northwestern, kufupi ndi Chicago, kumene anapata digiri ya udokotala mu 1960. Tinene pano kuti sanali dokotala wa jekeseni ayi. Udokotala wawo unali wa maphunziro a kakhalidwe ka anthu: m'mene mitundu imakhalira pamodzi, chimene chimaigwirizanitsa ndi chimene chimaigawanitsa. Mu 1956 anakwatira Janet Rae Johnson, mzungu wa ku America, ngakhale kuti makolo a mkaziyo poyamba sanafune. Anabereka ana atatu.

Kuyambira 1957 a Mondlane ankagwira ntchito ku New York, ku likulu la bungwe la maiko onse la ONU, m'nthambi yoyang'anira maiko amene anali kukonzekera kudzilamulira. Kumeneko anadziwana ndi Julius Nyerere, amene ankabwera kudzanenera dziko lake la Tanganyika. Akuluakulu a boma la Portugal anayesa kuwakopa ndi ntchito yabwino ku Lisboa, koma iwo anakana.

Pamenepa ndi pamene tiyenera kuima pang'ono. Munthuyu anali atapeza zonse zimene mwana wamasiye wa kumudzi angalote: malipiro abwino, nyumba, banja, ulemu pakati pa ophunzira. Akanatha kukalamba mwamtendere ku America, ndipo palibe akanawadzudzula. Koma kumudzi zinthu zinali kuipiraipira. Alimi ankakakamizidwa kulima thonje ndi kuligulitsa pa mtengo woikidwa ndi makampani, chimanga chikusowa m'nkhokwe. Pa 16 Junho 1960, ku Mueda, m'chigawo cha Cabo Delgado, asilikali anaombera khamu la anthu amene anasonkhana pa boma kudzapereka madandaulo awo, ndipo ambiri anafa.

Mu 1961 a Mondlane anabwera kudzacheza ku Moçambique pamodzi ndi banja lawo. Chiphaso cha ONU chinawateteza kuti PIDE isawagwire. Kulikonse kumene anapita anthu ankasonkhana kudzaona munthu wakuda amene anaphunzira kuposa akuluakulu a boma. Anaona ndi maso awo umphawi, kusowa kwa sukulu ndi mantha a anthu. Atabwerera anasiya ntchito ya ku ONU, chifukwa wantchito wa bungwelo saloledwa kulowa ndale. Anayamba kuphunzitsa pa sukulu yaukachenjede ya Syracuse, kwinaku akulemberana makalata ndi anthu a kwawo amene anathawira kunja.

Nthawi imeneyo othawawo anali ndi magulu atatu. Panali UDENAMO, imene inayambira ku Southern Rhodesia. Panali MANU, ya anthu a ku Cabo Delgado ogwira ntchito ku Tanganyika ndi ku Kenya. Panalinso UNAMI, ya anthu a kuno ku Tete amene anali ku Nyasaland, motsogozedwa ndi Baltazar Chagonga. Gulu lililonse linali ndi dera lake, chiyankhulo chake ndi atsogoleri ake, ndipo sankakhulupirirana. Koma mutu umodzi susenza denga. Pa 25 Junho 1962 ku Dar es Salaam, mothandizidwa ndi a Nyerere, magulu atatuwo anaphatikizana kukhala FRELIMO, ndipo a Mondlane anasankhidwa kukhala mtsogoleri. Msonkhano waukulu woyamba unachitika mu Setembro chaka chomwecho.

Boma la Salazar linakana kukambirana za ufulu, pomanena kuti Moçambique ndi chigawo chabe cha Portugal. Tsono gululo linatumiza anyamata ku Argélia kukaphunzira usilikali, ndipo mmodzi mwa iwo anali Samora Machel, amene kale anali namwino pachipatala. Pa 25 Setembro 1964 nkhondo inayamba ndi kuukira kwa boma la Chai, ku Cabo Delgado. Asilikali oyambawo anali pafupifupi 250 basi. Ku Cabo Delgado ndi ku Niassa nkhondoyo inagwira mizu, chifukwa zida zinkaoloka mtsinje wa Rovuma kuchokera ku Tanzania. Ku Tete ndi ku Zambézia kuyesa koyamba kunalephereka, popeza njira yodzera ku Malawi sinali yotseguka. Nkhondo inabwereranso ku Tete mu 1968, kudzera ku Zambia, nthawi imene Apwitikizi ankakonza zomanga damu la Cahora Bassa.

Ntchito ya a Mondlane sinali ya mfuti yokha. Ankayenda m'maiko kupempha thandizo, ndipo anatha kulandira kuchokera mbali zonse ziwiri za dziko lapansi zimene zinali pa udani: zida kuchokera ku União Soviética ndi ku China, ndalama za sukulu ndi mankhwala kuchokera ku mipingo ndi ku maiko monga Suécia. Popeza iwo eni anavutika kupeza sukulu, nkhani ya maphunziro inali pamtima pawo. Mai Janet Mondlane anatsegula Instituto Moçambicano ku Dar es Salaam kuti ana othawa kwawo aphunzire. M'madera amene atsamunda anachokamo, ana ankaphunzira pansi pa mitengo, akulemba pa mchenga.

Tisanamizane, m'gululo munali mikangano yoopsa. Ena ankati mdani ndi mzungu aliyense, ndipo ankadzudzula a Mondlane chifukwa chokwatira mzungu ndi kulola aphunzitsi achizungu. A Mondlane ankaphunzitsa kuti mdani ndi ulamuliro wa chitsamunda, osati khungu la munthu. Ena ankadandaula kuti anthu a kum'mwera ndiwo achuluka pa utsogoleri pamene akufa kunkhondo ndi a kumpoto. Mu 1968 ophunzira a Instituto anaukira mpaka sukulu inatsekedwa, ndipo ofesi ya gululo ku Dar es Salaam inathyoledwa. Kunalinso kusamvana ndi Lázaro Nkavandame, mkulu wa gululo ku Cabo Delgado, pa nkhani ya malonda ndi ulamuliro.

Pofuna kuthetsa zimenezi, msonkhano waukulu wachiwiri unachitika mu Julho 1968 m'kati mwa dziko, ku Matchedje, m'chigawo cha Niassa. A Mondlane anayenda pansi kukafika kumeneko, ndipo nthumwi zinawasankhanso.

Sanakhalitse pambuyo pake. M'mawa wa pa 3 Fevereiro 1969 anatenga makalata awo ku ofesi napita kunyumba ya mnzawo m'mbali mwa nyanja ku Dar es Salaam, kumene ankakonda kugwira ntchito mwakachetechete. Pakati pa makalatawo panali phukusi la buku. M'kati mwa bukulo anali atabowola ndi kuikamo bomba. Atangotsegula linaphulika, ndipo anafera pomwepo ali ndi zaka 48. Zofufuza zinaloza kwa apolisi achinsinsi a PIDE. Amene anapha ankadziwa bwino kuti munthu ameneyu sangaone buku n'kulisiya osatsegula.

Anaikidwa m'manda a Kinondoni ku Dar es Salaam. Chaka chomwecho buku lawo linatuluka m'Chingerezi, ndipo m'Chipwitikizi limadziwika kuti Lutar por Moçambique. Mu 1970 a Samora Machel analowa m'malo mwawo. Ufulu unabwera pa 25 Junho 1975, zaka 13 ndendende kuchokera tsiku limene magulu atatu aja anagwirizana. Mu 1976 sukulu yaukachenjede ya ku Maputo inapatsidwa dzina lawo, ndipo mu 1979 mafupa awo anabwera nawo kwawo ndi kuwaika ku Praça dos Heróis.

A Mondlane sanalamulirepo dziko ngakhale tsiku limodzi, ndipo mbendera ya ufulu sanaione. Chimene anasiya ndi ganizo loti Mchewa wa ku Chifunde, Mngoni wa ku Ulónguè, Mmakonde wa ku Mueda ndi Mtsonga wa ku Manjacaze ndi anthu a dziko limodzi. Ife amene tinaona m'mene nkhondo ya pachiweniweni inabalalitsira midzi mpaka 1992, tikudziwa mtengo wake ganizo limeneli likaiwalika.

Ndipo kwa inu makolo, nkhaniyi ili ndi mbali ina. Mnyamata amene lero ali kudambo ndi ng'ombe, amene mukuti wakula kale ndipo sukulu yamupitirira, ali ndi zaka zomwe Eduardo Mondlane anali nazo pamene amai ake anamuchotsa kubusa. Pa 3 Fevereiro, mukapita pa boma kukaika maluwa, mum'tenge, ndipo mum'fotokozere za mbusa wa ku Nwadjahane.