Grace Hopper, mphunzitsi wa masamu amene anafikitsa kompyuta kwa amalonda

Alimi a m'boma la Maravia amadziwa kuti mbewu yabwino ikhoza kukhala zaka zambiri kumalo ochitira kafukufuku, kaya a IIAM kuno ku Mozambique kapena a Msekera kufupi ndi Chipata, osafika m'munda wa munthu wa ku Fingoé. Pamafunika mlangizi woti aitenge, aifotokoze m'mawu amene mlimi amamva, ndipo asagwe ulesi anthu akamaikayikira. Pa nkhani ya mapulogalamu a kompyuta, ntchito ya mlangiziyo anaigwira mayi wina wa ku America, Grace Hopper.

Mayiyu anabadwira mumzinda wa New York pa 9 Disembala 1906. Anaphunzira masamu pa Vassar College, kenaka pa yunivesite ya Yale, kumene analandira digiri yaudokotala wa masamu mu 1934, nthawi imene akazi ofika pamenepo anali owerengeka. Anabwerera ku Vassar kukaphunzitsa, ndipo akanafuna akanakalambira pomwepo choko chili m'manja.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndi imene inamuchotsa m'kalasi. Mu 1943 analowa m'gulu la asilikali a pamadzi, atapempha chilolezo chapadera chifukwa sikelo inasonyeza kuti ngopepuka kwambiri. Chaka chotsatira anamutumiza ku yunivesite ya Harvard kukagwira ntchito ndi Howard Aiken pa makina owerengera otchedwa Mark I, chimakina chachitali mamita oposa 15. Kuti makinawo agwire ntchito, munthu ankayenera kuwalembera malangizo m'manambala okhaokha oboola papepala. Nambala imodzi ikalakwika, ntchito yonse inkawonongeka. Amene ankatha zimenezi anali akatswiri a masamu ochepa chabe.

Mu 1949 Hopper anachoka ku Harvard n'kukalowa pakampani ya Eckert ndi Mauchly mumzinda wa Philadelphia, imene inkapanga kompyuta yogulitsa yotchedwa UNIVAC. Apa anakumana ndi vuto limene kuyunivesite silinkaoneka. Ogula makinawa anali maofesi a boma, makampani a inshuwalansi ndi mafakitale. Iwo ankafuna kuwerengera malipiro a antchito ndi katundu wa m'nyumba zosungiramo zinthu, ndipo analibe madokotala a masamu oti azilemba manambala aja.

Hopper anaona kuti olemba mapulogalamu amabwereza tizigawo tomwetomweto ta malangizo, ndipo pokopera pamanja m'pamene zolakwika zimalowa. Anasonkhanitsa tizigawoto pa tepi, kalikonse n'kukapatsa nambala yake, kenaka analemba pulogalamu yoti makina okha azikatenga tofunikato n'kutilumikiza. Pulogalamuyo inatchedwa A-0 ndipo inali ikugwira ntchito pofika mu 1952. Ambiri sanafune kuikhudza. Akatswiri anzake ankakhulupirira kuti ntchito ya kompyuta ndi masamu basi, ndipo mapulogalamu olembedwa ndi makina ankayenda pang'onopang'ono kuyerekeza ndi olembedwa ndi katswiri. Pamenepa sankanama. Koma Hopper ankawerengera zina: masiku amene munthu amataya polemba ndi kukonza, amene kwa mwini kampani ndi ndalama.

Atatero anapita patsogolo. Anati malangizo azilembedwa m'mawu a Chingerezi amene kalaliki amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, monga kuwerenga, kuyerekeza ndi kulemba, ndipo makina azimasulira okha kuti akhale manambala. Akuluakulu a kampani anachedwa kuvomereza. Gulu lake linapanga chilankhulo chotchedwa FLOW-MATIC, ndipo linasonyezanso kuti mawuwo akhoza kukhala a Chifalansa kapena Chijeremani popanda makina kudodoma. Mayiyu sanakhale muofesi kudikira kuti anthu atsatire. Anayendera makasitomala, anaphunzitsa antchito awo, analankhula m'misonkhano, ndipo ankatenga madandaulo awo n'kukakonzera pulogalamu.

Panatsala vuto lina. Kampani iliyonse inali ndi chilankhulo cha makina ake, moti wogula akasintha makina ankayambiranso kulemba zonse. Mu 1959 boma la America, opanga makompyuta ndi ogwiritsa ntchito anakhala pansi kuti agwirizane chilankhulo chimodzi cha zamalonda. Chimene chinatuluka ndi COBOL. Anthu ena amati Hopper ndiye anachilemba yekha, koma si zoona: anali mlangizi wa komitiyo, ndipo ntchito yolemba anaigwira ena, monga Jean Sammet. Komabe maziko ake ambiri anachokera ku FLOW-MATIC. Mu Disembala 1960 pulogalamu imodzi ya COBOL inayenda pa makina a makampani awiri osiyana, UNIVAC ndi RCA. Mpaka lero mabanki akuluakulu ambiri padziko amasungabe maakaunti a anthu pa mapulogalamu a COBOL.

Asilikali a pamadzi anamupumitsa ntchito mu 1966, koma chaka chotsatira anamuitananso chifukwa COBOL wa makampani osiyanasiyana anali atayamba kusiyana. Gulu lake linakonza mayeso otsimikizira kuti wogulitsa aliyense akutsata muyezo umodzi, monga mmene sikelo za pamsika wa fodya zimayesedwera.

Pophunzitsa akuluakulu a asilikali ndi ana asukulu, ankayenda ndi tizidutswa ta waya totalika pafupifupi masentimita 30. Umenewo ndi mtunda umene magetsi angayende pa gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a sekondi. Ankagawira anthu tiwayato kuti aone ndi maso chifukwa chake uthenga wodzera pa setilaiti umachedwa.

Anasiya usilikali mu 1986 ali ndi zaka 79, ali pa udindo wa Rear Admiral, ndipo anakalowanso ntchito yolangiza pakampani ya Digital Equipment Corporation. Anamwalira pa 1 Januwale 1992 ndipo anaikidwa m'manda a asilikali ku Arlington.