Corrie ten Boom: Dzanja Limene Linavuta Kutambasula

Ambirife timapempha chikhululukiro kwa Mulungu tsiku ndi tsiku, koma tikakumana ndi munthu amene anatilakwira, mtima umauma gwa. Zoterezi zinawachitikiranso mayi Corrie ten Boom.

Mayiwa anabadwa pa 15 April 1892 mumzinda wa Amsterdam ku Netherlands. Anakulira ku Haarlem, komwe bambo awo, a Casper, ankakonza mawotchi, ndipo nawonso anaphunzira ntchito yomweyo. Asilikali a Hitler atalanda dzikolo mu 1940, banjali linayamba kubisa Ayuda m'nyumba mwawo, mpaka linamanga kachipinda kobisika kuseri kwa khoma.

Munthu wina anakawaulula, ndipo pa 28 February 1944 anamangidwa. Bambo awo anamwalira m'ndende patangopita masiku 10. A Corrie ndi akulu awo, a Betsie, anawatumiza ku msasa wozunzirako anthu wa Ravensbrück ku Germany, komwe a Betsie anamwalira mu December chaka chomwecho. Patadutsa masiku ochepa, a Corrie anamasulidwa.

Nkhondo itatha, anayamba kuyenda m'mayiko ambiri kulalikira za chifundo cha Mulungu. Mu 1947, atangomaliza kulankhula m'tchalitchi china ku Munich, kunabwera bambo wina amene anamuzindikira nthawi yomweyo. Anali mmodzi wa alonda ankhanza a ku Ravensbrück. Bamboyo anafotokoza kuti analandira Khristu, ndipo anatambasula dzanja kupempha kuti amukhululukire.

Dzanja la a Corrie linakana kunyamuka. Anakumbukira mmene a Betsie anavutikira, ndipo uthenga umene anali atangolalikira unawalemera. Anapemphera chamumtima kuti Yesu awathandize, kenako anatambasula dzanja ngakhale mtima unali usanafune. Atagwirana chanza, m'pamene anamva chikondi chimene paokha analibe, ndipo anamukhululukira ndi mtima wonse.

Mayiwa anamwalira ku California pa 15 April 1983, tsiku limene anakwanitsa zaka 91.

Ife kawirikawiri timadikira kuti ululu uyambe watha, ndiye tikhululuke. A Corrie anayamba ndi kumvera, mphamvu inabwera pambuyo. Mateyu 5:23-24 amatiuza kuti tiyambe tayanjana ndi m'bale wathu tisanapereke mphatso kuguwa. Mwina alipo mnzathu wa m'kalasi kapena wa mumpingo amene takhala tikumuzemba. Sabata lisanalowe, tipemphe Mulungu atithandize kumutambasulira dzanja.