Barbara McClintock, Mayi Wodziwa Phesi Lililonse la M'munda Mwake

Mawu oyamba

Mphunzitsi aliyense amene wakhalitsa m'kalasi amachidziwa chinthu ichi. Umangolowa m'mawa, ana asananene kanthu, mtima n'kukuuza kuti mwana wakhala pakona uyo lero sali bwino. Wina atakufunsa kuti wadziwa bwanji, ungasowe poyambira. Ena amati ndi mphatso yobadwa nayo, ena amati n'kungoganizira chabe. Nanga mtima wathuwu tiziukhulupirira mpaka pati? Funsoli si laling'ono ayi, chifukwa mtima womwewo ukhoza kukuuza kuti mwana wakutiwakuti ndi mbuli, iwe n'kumutaya chaka chonse, pamene vuto lake linali maso kapena njala.

M'gawo lino muwerenga mbiri ya wasayansi wa ku America amene anathera moyo wake pa chimanga. Inde, chimanga chomwechi chimene timadzala kuseri kwa nyumba ku Pfupajena ndi ku Rimuka, chimene agogo athu ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique ankalima akaweruka kumigodi ndi m'mafamu a ku Chegutu ndi Kadoma. Powerenga, muzionetsetsa zimene mayiyu ankachita tsiku ndi tsiku kuti kumva kwa mumtima kwake kukhale kodalirika.

Ubwana ndi sukulu

Barbara McClintock anabadwa pa 16 Juni 1902 mumzinda wa Hartford, m'chigawo cha Connecticut, ndipo anakulira ku Brooklyn, mumzinda wa New York. Bambo ake anali dokotala. Kuyambira ali wamng'ono ankakonda kukhala payekha, kuwerenga ndi kulingalira zinthu. Atamaliza sekondale m'chaka cha 1919, mayi ake sanafune kuti apite ku koleji, poopa kuti mtsikana wophunzira kwambiri sadzapeza banja. Bambo ake ndiwo anamuikira kumbuyo, ndipo chaka chomwecho analowa sukulu ya zaulimi pa yunivesite ya Cornell.

M'chaka cha 1921 anayamba phunziro la chibadwa cha zamoyo. Mphunzitsi wa phunziroli, C. B. Hutchison, anaona chidwi cha mtsikanayu, ndipo m'chaka cha 1922 anamuimbira lamya kumuitana kuti alowe kalasi ya ophunzira a digiri yapamwamba. Taonani apa, aphunzitsi anzanga: diso la mphunzitsi mmodzi ndi limene linatsegula njira yonse. Pofika 1927 Barbara anali atalandira digiri ya udokotala pa maphunziro a zomera.

Kuti timvetse ntchito ya Mayi McClintock, tiyenera kudziwa izi. Chomera chilichonse chimapangidwa ndi timaselo tosaoneka ndi maso. M'kati mwa selo lililonse muli timaulusi totchedwa ma chromosome, ndipo pa timaulusiti pandandalikana tizigawo ta chibadwa totchedwa ma gene. Tizigawoti ndi timene timachititsa kuti njere ikhale yoyera, yachikasu kapena yofiirira. Chimanga chili ndi mitundu 10 ya timaulusiti. Mayi McClintock anakonza njira yabwino yotipakira utoto kuti tioneke pa maikulosikopu, ndipo m'chaka cha 1929 anasonyeza mmene munthu angasiyanitsire kaulusi kalikonse ndi kanzake. M'chaka cha 1931 iwo ndi mnzawo Harriet Creighton anatsimikiza kuti timaulusi ta bambo ndi ta mayi timasinthana zidutswa, ndipo n'chifukwa chake ana amatuluka ndi chibadwa chosakanikirana.

Kumunda ndi ku maikulosikopu

Chimanga cha kudera lozizira ngati New York chimalimidwa kamodzi pachaka. Ukalakwitsa, uyenera kudikira chaka chamawa. Mayi McClintock ankadzala chimanga chimene akanatha kuchiyang'anira okha, ndipo ankayendera mizere yake tsiku ndi tsiku kuyambira pa mmera mpaka pokolola. Mungu ankachotsa okha kungayaye n'kuuthira pa ndevu za chimanga chimene asankha, kenako n'kuvundikira ndi thumba la pepala kuti mungu wina usalowerere. Chomera chilichonse chinali ndi nambala yake, ndipo zonse zimene aona ankazilemba. Kwa iwo panalibe mapesi awiri ofanana.

Nkhani zambiri za kagwiridwe kawo ka ntchito anazifotokozera Evelyn Fox Keller, amene anatulutsa buku la mbiri yawo m'chaka cha 1983. Ina mwa nkhanizo ndi ya ku Cornell. Tsiku lina kumunda kunapezeka chomera chimene malinga ndi masamu chinayenera kukhala ndi theka la mungu wosabereka, koma mungu wosaberekawo unali wocheperapo. Zinawasowetsa mtendere. Anachoka kumundako n'kukakhala pansi m'chipinda chawo chogwiriramo ntchito kwa mphindi ngati 30. Mwadzidzidzi yankho linawafikira, ndipo anathamanga kukauza anzawo. Anzawowo atafuna umboni, m'pamene anazindikira kuti sakudziwa njira imene yankholo ladzera. Anatenga thumba la pepala ndi pensulo, n'kuyamba kulemba sitepe ndi sitepe mpaka anafika pa yankho lomwe lija.

Nkhani ina ndi ya m'zaka za m'ma 1930, pamene ankafufuza timaulusi timene timapindika n'kukhala ngati mphete. Asanayang'ane pa maikulosikopu, ankayamba apita kumunda, n'kuyang'ana mizeremizere ya pamasamba a chomera chilichonse, n'kulemba m'kope zimene akuganiza kuti akapeza m'maselo ake. Akatero m'pamene ankapita kukayesa. Malinga ndi kufotokoza kwawo, kulosera kwawoko kunaphonya kamodzi kokha. Tsiku limenelo anathamangira kumunda, n'kupeza kuti anali atalemba nambala ya chomera choyandikana nacho.

Kuyambira 1936 anagwira ntchito pa yunivesite ya Missouri, koma poona kuti mwayi wokwezedwa pantchito kwa munthu wamkazi unali wochepa, anachokako m'chaka cha 1941. Anapita ku Cold Spring Harbor, pachilumba cha Long Island, kumalo ofufuzira a bungwe la Carnegie, ndipo kumeneko ndi kumene anakhala moyo wawo wonse wotsala. M'chaka cha 1944 anasankhidwa kulowa m'bungwe lalikulu la asayansi la National Academy of Sciences. Anali mayi wachitatu kulowamo.

Pansi pa mitengo ya bulugamu

M'chaka chomwecho cha 1944, George Beadle, mnzawo wakale wa ku Cornell, anawaitanira ku yunivesite ya Stanford kuti akathandize kuwerenga timaulusi ta m'maselo a chuku chomera pa buledi. Timaulusito n'tating'ono zedi. Anayang'ana masiku angapo osaona chomveka, mpaka anayamba kudzikayikira. Tsono anasiya maikulosikopu, anatuluka panja, n'kukakhala pabenchi pansi pa mitengo ikuluikulu ya bulugamu. Anakhala pamenepo ngati theka la ola. Atabwerera, maso aja anayamba kuona zimene ankalephera kuona, ndipo m'masiku ochepa anawerenga timaulusi 7 ndi kulongosola mmene timagawikira.

Apa tisafulumire kunena kuti bulugamu ndiye anawapatsa yankho. Pofika tsiku limenelo mayiwa anali atayang'ana timaulusi ta m'maselo kwa zaka zoposa 20. Kupuma kuja kunangopatsa mpata zimene zinali kale m'mutu kuti zikhazikike.

Njere yamawangamawanga

Ntchito imene inawatchukitsa inayamba ndi mbewu zimene anadzala mu 1944. Pa mmera wina anaona masamba okhala ndi mizere ndi madontho achilendo, ndipo pa njere zina, njere imodzi yomweyo inali ndi timadontho ta mtundu wina. Izi n'zosiyana ndi chitsononkho chokhala ndi njere zoyera ndi zachikasu chifukwa cha mungu wa m'munda wa aneba. Apa mawanga anali pa njere imodzi. Munthu wina akanati yawonongeka n'kuitaya. Mayi McClintock anasunga njere zoterozo, chifukwa ankakhulupirira kuti chinthu chimene chakana kutsata lamulo chili ndi chifukwa chake. Chinawagwira mtima kwambiri ndi chakuti nthawi zina mbali ziwiri zoyandikana za tsamba zinkaoneka ngati ina yalandira chimene inzake yataya.

Anatsatira chizindikiro chimenechi nyengo ndi nyengo. Pofika 1948 anali atapeza kuti tizigawo tina ta chibadwa timatha kuchoka pamalo pake n'kukakhala pena. Kakalowa pakati pa kachigawo kopanga utoto, utoto umazima. Kakachokapo, utoto umabwerera, ndipo ndi mmene madontho aja amabwerera. Nthawi imeneyo asayansi ambiri ankaona tizigawo ta chibadwa ngati mikanda yokhazikika paulusi. Mayiwa analemba za zimenezi mu 1950, n'kuzifotokoza pamsonkhano waukulu ku Cold Spring Harbor mu 1951. Ambiri sanamvetse, ena anakayika. Kuchokera mu 1953 anachepetsa kwambiri kutumiza zolemba za nkhaniyi ku magazini a sayansi, koma kafukufuku sanasiye, ndipo zotsatira zake ankazilemba m'malipoti a pachaka a bungwe la Carnegie. Kuyambira 1957 anayendanso m'mayiko a ku Central America ndi South America kukafufuza mitundu ya chimanga cha makolo.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi m'ma 1970, asayansi ena anapeza tizigawo toyendayenda tomweto m'mabakiteriya, kenako mu yisiti ndi m'tintchentche ta pazipatso. M'chaka cha 1983, ali ndi zaka 81, Mayi McClintock analandira mphotho ya Nobel ya zachipatala. Anali mayi woyamba kulandira mphotho imeneyi payekha, osagawana ndi wina. Anamwalira pa 2 Sepitembala 1992 ku Huntington, New York, ali ndi zaka 90. Asayansi atawerenga chibadwa chonse cha chimanga mu 2009, anapeza kuti pafupifupi magawo 85 pa 100 alionse ndi a tizigawo ta mtundu umenewu.

Pamene mtima unapitirira umboni

Kodi ndiye kuti zonse zimene mtima unkawauza zinali zoona? Iyayi. Mayi McClintock ankakhulupirira kuti tizigawo toyendayendato ndi timene timawongolera kakulidwe konse ka chamoyo. Wolemba mbiri ya sayansi Nathaniel Comfort anasonyeza m'buku lake la 2001 kuti anzawo ambiri anavomereza msanga zakuti tizigawo timasuntha m'chimanga, ndipo chimene ankakana chinali ganizo lalikululi. Mphotho ya Nobel inaperekedwa chifukwa cha kusunthako. Chimene anachiyesa kumunda chaka ndi chaka chinaima nji, pamene ganizo limene linathamanga kutsogolo kwa umboni silinalandiridwe momwe iwo ankafunira.

Phunziro kwa ife aphunzitsi

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kumva kwa mumtima kumakula pamene munthu wayang'ana chinthu chimodzi kwa nthawi yaitali, ndipo kumadalirika pamene akukuyesa kawirikawiri. M'moyo wa mayiwa tikupezamo zizolowezi zisanu.

Choyamba, dziwani mwana aliyense payekha. Ngati kalasi ndi yaikulu, sankhani ana asanu pa sabata, muziwaonetsetsa polowa, polemba ndi posewera.

Chachiwiri, loserani kaye, kenako yesani. Musanachonge makope, lembani pambali amene mukuganiza kuti alephera funso lakutilakuti, ndipo mukachonga yerekezani. Mukatero mudzadziwa pamene mtima wanu umalondola ndi pamene umakunamizani.

Chachitatu, musataye chachilendo. Ine pophunzitsa akuluakulu kuwerenga ndinakumanapo ndi agogo ena amene ankawerenga bwino pabolodi koma m'buku ankangoti kakasi. Mtima unandiuza kuti nzeru zilipo, vuto lili pena. Nditawalembera zilembo zikuluzikulu papepala, anawerenga bwinobwino. Anali maso.

Chachinayi, zikakukanikani, chokanipo pang'ono. Kukalipira mwana mutu utatentha sikunathandizepo aliyense. Gonani nalo vutolo, mawa mudzaliona mwina.

Chachisanu, mtima ukakupatsani yankho, lembani zifukwa zake ngati mmene anachitira mayi aja pathumba la pepala. Mukasowa chifukwa ngakhale chimodzi cholembeka, samalani. Mwina chikulankhula ndi tsankho: mwana wavala zong'ambika, kapena kwawo amalankhula chinenero china, kapena mkulu wake anakuvutitsani chaka chatha. Ganizo lonena kuti mwana akufunika thandizo mukhoza kulitsata lero lomwe, pakuti mukalakwitsa palibe chotayika. Koma ganizo lonena kuti mwana sangathe musalivomere msanga, chifukwa mukalakwitsa pamenepo wovutika ndi mwanayo.

Ntchito

1. M'mawu anuanu, fotokozani chifukwa chimene Mayi McClintock ankalembera kulosera kwawo asanayang'ane pa maikulosikopu.

2. Kwa masabata awiri, sungani kope laling'ono. Tsamba lililonse muligawe patatu: zimene mtima wandiuza, zimene ndaona ndi maso, zimene ndapeza nditafufuza. Musalembe mayina enieni a ana.

3. Kumbukirani nthawi imodzi imene mtima unakunamizani za wophunzira. Kodi chinakusocheretsani n'chiyani? Kambiranani ndi mphunzitsi mnzanu, ndipo yankho lanu mulitumize pamodzi ndi ntchito ya gawo lino.