Nathaniel Kleitman: munthu amene anakagona m'phanga pofuna kumvetsa tulo

Ngati munachezerapo usiku maso ali gwaa kudenga mpaka tambala woyamba kulira, mwina wina anakuuzani kuti muzidzuka nthawi imodzimodzi tsiku lililonse. Malangizowa ali ndi kochokera, ndipo mmodzi mwa anthu amene anawakhetsera thukuta ndi Nathaniel Kleitman.

Iye anabadwa mu 1895 ku Kishinev, mzinda umene lero ndi likulu la Moldova, m'banja lachiyuda pa nthawi imene Ayuda ankazunzidwa kumeneko. Anafika ku New York mu 1915 ali ndi zaka 20, m'thumba muli mbee. Anamaliza maphunziro ake apamwamba pa yunivesite ya Chicago mu 1923 ndipo anakhala mphunzitsi pomwepo. Masiku amenewo akatswiri ambiri ankaganiza kuti munthu akagona ubongo umangozima ngati nyali, choncho panalibe choti n'kufufuza. Kleitman sanakhutire. Anatsegula chipinda choyezeramo anthu ali mtulo, ndipo ankadziyezanso yekha. Nthawi ina anakhala maola 180 osagona, kupitirira sabata yathunthu. Zimenezo inu musayesere.

Chimene anatchuka nacho chinachitika mu 1938. Iye ndi wophunzira wake Bruce Richardson analowa m'phanga lalikulu la Mammoth ku Kentucky, mmene mulibe dzuwa ndipo kuzizira kwake sikusintha, n'kukhalamo masiku 32. Anadzipangira tsiku la maola 28: maola 9 ogona, 19 okhala maso. Ankafuna kudziwa ngati thupi lingaphunzire tsiku latsopano. Muyeso wawo unali kutentha kwa thupi, kumene kumakwera masana n'kutsika usiku. Richardson, amene anali mnyamata, anazolowera. Kleitman, wa zaka 43, zinamukanika. Thupi lake linakakamira maola 24. Ikakwana nthawi imene kunja kwada ankawodzera ngakhale ndandanda ikuti agwire ntchito, ndipo ndandandayo ikamuuza kugona kunja kuli masana, ankangotembenukatembenuka.

Anthu awiri okha ndi ochepa pa kafukufuku, koma amene anabwera pambuyo pake anatsimikiza mfundoyo: m'thupi mwanu muli wotchi, ndipo imatcheredwa makamaka ndi kuwala kwa m'mawa. N'chifukwa chake munthu wosowa tulo amathandizika akamadzuka nthawi yomweyo ngakhale usikuwo wagona pang'ono, n'kutuluka panja kuwothera dzuwa. Kugona mpaka masana pofuna kubweza tulo kumangosokoneza wotchiyo. Tiyi wambiri kapena khofi madzulo amathamangitsa tulo, chimodzimodzinso foni pabedi. Mowa umagonetsa msanga, inde, koma umakudzutsani pakati pa usiku. Ndipo tulo tikakana, ndi bwino kudzuka, kukhala pansi mwakachetechete mowala pang'ono, n'kubwerera pogona mukayamba kuwodzera, kusiyana n'kulimbana ndi pilo. Makolo dziwaninso kuti wotchi ya mwana amene watha msinkhu imachedwerapo mwachibadwa. Kuvutika kwake kudzuka m'mawa si ulesi nthawi zonse.

Buku lake la Sleep and Wakefulness linatuluka mu 1939. Kenako mu 1953, iye ndi wophunzira wina, Eugene Aserinsky, analengeza kuti pali nthawi zina usiku pamene maso a munthu wogona amayendayenda mofulumira kuseri kwa zikope, ubongo uli kalikiliki ngati wa munthu amene ali maso. Anthu akadzutsidwa nthawi imeneyo, ambiri ankanena kuti amalota. Tulo timeneti timatchedwa REM. Apa zinadziwika kuti tulo timayenda m'magawo obwerezabwereza, pafupifupi mphindi 90 ulendo uliwonse, ndipo pakati pa maulendowa munthu amatha kutsitsimuka pang'ono. Choncho ngati mumadzidzimuka kamodzi kapena kawiri n'kugonanso, simukudwala. Ambiri chimene chimawachotsera tulo ndi mantha akuti adzuka.

Inu odzipereka pa zaumoyo m'midzi, amene muyenera kuwatumiza kuchipatala ndi awa: wosowa tulo masiku atatu pa sabata kwa miyezi itatu, wochita nkonono kwambiri n'kumadukiza kupuma ali mtulo, ndiponso amene kusagona kwake kwabwera limodzi ndi chisoni chosatha. Mankhwala ogonetsa ogula popanda dokotala asawayambe.

Kleitman anapuma pa ntchito mu 1960. Wophunzira wake wina, William Dement, anatsegula chipatala cha mavuto a tulo ku Stanford mu 1970. Kleitman anamwalira ku Los Angeles mu Ogasiti 1999 ali ndi zaka 104.