Terry Fox: Mnyamata Amene Anathamanga ndi Mwendo Woikirira

Terry Fox anabadwa pa 28 Julayi 1958 mumzinda wa Winnipeg ku Canada, ndipo anakulira ku Port Coquitlam. Ankakonda kwambiri masewera, makamaka basketball. Ali pa yunivesite ya Simon Fraser, khumbo lake linali ngati la ambirife: kudzakhala mphunzitsi. Iye ankafuna kuphunzitsa masewera olimbitsa thupi.

Chakumapeto kwa 1976 bondo lake lakumanja linayamba kuwawa, koma anangopirira n'kumasewerabe. Mu Malichi 1977 madokotala anamupeza ndi osteosarcoma, khansa ya m'mafupa yomwe imakonda kugwira achinyamata amene akukula, kawirikawiri pafupi ndi bondo. Anamudula mwendo pamwamba pa bondo ali ndi zaka 18 zokha, ndipo analandira mankhwala a chemotherapy kwa miyezi 16. Ana ovutika ndi khansa amene anawaona kuchipatala anamumvetsa chisoni, choncho anaganiza zothamanga kudutsa dziko lonse la Canada kuti asonkhetse ndalama za kafukufuku.

Pa 12 Epulo 1980 anaviika mwendo wake woikirira m'nyanja ya Atlantic ku St. John's, n'kuyamba ulendo umene anautcha Marathon of Hope. Tsiku lililonse ankathamanga pafupifupi makilomita 42, kaya kuli mvula, mphepo kapena dzuwa, chitsa cha mwendo chili ndi zilonda. Mnzake Doug Alward ankayendetsa galimoto yomuperekeza. Pa 1 Sepitembala, atathamanga makilomita 5,373 m'masiku 143, analekezera pafupi ndi Thunder Bay chifukwa khansa inali itafika m'mapapo. Anamwalira pa 28 Juni 1981 ali ndi zaka 22. Koma asanatsikire kuli chete, cholinga chake chinali chitatheka: ndalama zinakwana madola 24 miliyoni, ngati kuti munthu aliyense wa ku Canada wapereka dola imodzi. Mpaka lero anthu m'mayiko ambiri amathamanga chaka chilichonse pomukumbukira.

Chithandizo cha matendawa chasintha. Masiku ano, kumene kuli akatswiri ndi zipangizo, odwala ambiri sadulidwanso mwendo. Amayamba alandira chemotherapy, kenako madokotala amachotsa gawo la fupa lodwalalo n'kuikapo chitsulo kapena fupa lina. Kudula kumachitikabe chotupa chikakula kwambiri kapena chikazinga mitsempha ikuluikulu. N'chifukwa chake kufulumira kupita kuchipatala n'kofunika.

Apa m'pamene nkhaniyi ikutikhudzira ife amene mawa tidzaima kutsogolo kwa kalasi, ndiponso makolo. Mwana akamadandaula bondo kwa milungu ingapo, ululu ukumamudzutsa usiku, kapena pakatupa, tisamangoti wavulala ku mpira kapena akuthawa ntchito. Timutengere kuchipatala akamujambule X-ray. Nthawi zambiri sikhala khansa, koma ikakhala iyo, kufulumira kwathu kungapulumutse mwendo wake, ngakhalenso moyo wake.